Barishal: boma lomwe nthaka yake imasamuka, ndi anthu omwe linabala

Anthu a ku Bengal, dera lomwe lero linagawika pakati pa India ndi Bangladesh, ali ndi kamwambi kofotokozera dera lina la kummwera kwa dziko la Bangladesh. Amati mpunga, mitsinje ndi ngalande, zitatuzi ndiye Barishal. M'chinenero chawo mawuwo ndi dhan, nodi, khal, ndipo khal amamveka mogwirizana ndi Barishal, motero ngakhale mwana amakaloweza msanga. Kamwambika sikatchula msewu, sikatchula phiri. Nzoona, phiri kulibe, ndipo mpaka lero njanji sinafike mumzinda wa Barishal.

Mitsinje ikuluikulu itatu ndiyo inapanga dziko limeneli. Ganges, yemwe akalowa m'Bangladesh amatchedwa Padma, amakumana ndi Brahmaputra, kenako onse awiri amathira mu Meghna, ndipo madzi onsewo amatsikira ku nyanja yamchere ya Bay of Bengal. Asanafike kunyanjako amagawikana timitsinje tosawerengeka. Mzinda wa Barishal uli m'mbali mwa Kirtankhola. Pafupi pali Arial Khan, Sandhya, Sugandha, Tentulia, Bishkhali ndi Payra. Madzi a m'mitsinjeyi amakwera ndi kutsika kawiri patsiku potsatira nyanja, kotero ngalande yomwe m'mawa inali matope okhaokha, masana imadutsa bwato lodzaza mpunga.

Tiyambe ndi dzina, chifukwa limasokoneza. Kalekale dera lino linkatchedwa Bakla, ndipo linali pansi pa mafumu a Chandradwip. Angerezi atakhazikitsa boma kumeneko mu 1797 analitcha Bakerganj, dzina lochokera kwa mkulu wina wa nthawi ya ulamuliro wa Mughal, Aga Baker. Mu 1801 likulu linasamukira ku Barisal, ndipo pang'onopang'ono dzina la tauniyo linameza la boma. Kenako bomalo linayamba kudulidwa: Patuakhali inachoka mu 1969, ndipo mu 1984 Bhola, Pirojpur, Jhalokati ndi Barguna zinakhala maboma pazokha. Mu 1993 maboma asanu ndi limodziwa anawaphatikizanso kukhala chigawo chimodzi, ndipo mu 2018 boma la Bangladesh linasintha kalembedwe kuchoka pa Barisal kukhala Barishal. Choncho mukamva kuti wakutiwakuti ndi mwana wa ku Barishal, kawirikawiri akunena boma lakale lija lalikulu. Mudzi womwe munthuyo anabadwira ukhoza kukhala kuti lero uli ku Jhalokati. Ena amakangana nazo zimenezi, monga momwe midzi iwiri imalimbiranira mwana akatchuka. M'nkhani ino ndikutsata malire akalewo.

Madzi amapatsa, madzi amalanda

Chaka chilichonse nyengo ya mvula mitsinje imabweretsa dothi lochokera kumapiri a Himalaya n'kuliyala m'minda. Mlimi wa ku Bakerganj sankafuna manyowa kwenikweni. Mpunga wamtundu wa balam wochokera kuno unkadzaza misika ya ku Calcutta, ndipo bomali linkatchedwa nkhokwe ya Bengal. Kumadambo komwe madzi saphwa miyezi yambiri, alimi anaphunzira kuunjika namasupuni, kumusiya awole pamwamba, n'kudzala ndiwo zamasamba pa mizere yoyandama. Chomera chomwe pa Shire timachiona ngati mdani wotseka makina amagetsi, kumeneko ndi dimba. Bungwe la FAO linazindikira ulimi umenewu mu 2015 monga chuma cha makolo choyenera kusungidwa. Ku Bhimruli, m'boma la Jhalokati, msika wa magwafa umachitikira m'mabwato pakati pa ngalande m'miyezi ya Julaye ndi Ogasiti.

Koma nyanja ili pafupi, ndipo nthaka ndi yotsika zedi. Abul Fazl, mlembi wa mfumu Akbar, analemba za chigumula chomwe chinamiza Bakla cha m'ma 1584, nati zamoyo pafupifupi 200,000 zinatha. Usiku wa pa 31 Okutobala 1876 namondwe anakankhira madzi a m'nyanja pa matsiriro a Meghna. Anthu pafupifupi 200,000 anafa, theka lomizidwa usiku womwewo, ena onse ndi kolera ndi njala m'miyezi yotsatira. Pa 12 Novembala 1970 zinabwerezanso pa chilumba cha Bhola ndi madera oyandikana nacho, ndipo anafa anthu osachepera 300,000. Nthawi imeneyo dera lino linali mbali ya Pakistan, ndipo kuzengereza kwa boma la Yahya Khan potumiza thandizo kunakwiyitsa anthu a kummawa. Patangotha milungu yochepa, pa chisankho cha mu Disembala, chipani cha Awami League chinatenga mipando 160 mwa 162 ya East Pakistan. Chaka chotsatira kunali nkhondo yomwe inabala Bangladesh.

Anamondwe ndi amene amamveka pa wailesi, koma chomwe chinaumba moyo wa bomali tsiku ndi tsiku ndi kugumuka kwa magombe. Mtsinje umadya gombe lino, munda, nyumba, manda, zonse, kenako patapita zaka dothi lomwelo limatumphuka kwina ngati chilumba chatsopano. Chilumba chotere amachitcha char. Funso ndi lakuti, n'cha yani? Cha yemwe munda wake unamira, cha yemwe gombe lake chayandikira, kapena cha boma? Angerezi anakhazikitsa lamulo la nkhani imeneyi mu 1825, koma pamalopo nthawi zambiri mwini ankakhala yemwe wafika msanga ndi anyamata a zibonga, otchedwa lathiyal, n'kufesa mpunga anzake asanadzuke. Milandu inkatsatira pambuyo, ndipo inkatenga zaka.

Onjezani pamenepo dongosolo la msonkho. Mu 1793 bwanamkubwa Cornwallis anakhazikitsa kuti eni minda akuluakulu, otchedwa zamindar, azilipira kwa atsamunda ndalama yosasintha chaka chilichonse, ndipo wolephera kulipira dzuwa lisanalowe pa tsiku loikika malo ake ankagulitsidwa. Zomwe zamindar ankatolera kwa alimi zinali zake. Ku Bakerganj, komwe kunali nkhalango zambiri zoyenera kuswa mphanje, zamindar ankabwereketsa chigawo kwa munthu wina, uyo n'kuchigawa kwa ena, awonso n'kugawa kwa ena. Magawo amenewa anali ndi mayina awo, taluk, haola, nim-haola ndi ena otero, ndipo bomali linatchuka m'Bengal monse chifukwa cha kuchuluka kwa anthu oima pakati pa boma ndi khasu. Aliyense ankadyapo. Pansi penipeni panali mlimi, yemwe akakolola pang'ono ankathamangira kwa wakatapira. Amene anamvapo za thangata m'minda ya azungu ku Thyolo ndi Chiradzulu adziwa fungo lake, ngakhale kuti kuno ankalipira ndi ndalama kapena mpunga, ndipo odyawo anali anthu akuderako.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya anthu otchuka a ku Barishal. Lendi ya minda inabala mabanja otha kutumiza ana kusukulu. Milandu ya malo inabala maloya. Ngongole inabala mkwiyo. Ndipo panali vuto lina: ambiri mwa alimi anali Asilamu kapena Ahindu a fuko lonyozeka la Namasudra, pamene ambiri mwa eni malo, obwereketsa ndalama ndi ophunzira anali Ahindu a mafuko apamwamba, ngakhale kuti mabanja olemera achisilamu analiponso. Pafupifupi munthu aliyense wotchuka wochokera m'bomali anayankha mkhalidwe umenewu mwanjira yake.

Mphunzitsi ndi andale awiri

Ashwini Kumar Dutta, wobadwa mu 1856, anayamba ngati loya koma mtima wake unali kusukulu. Mu 1884 anatsegula Brojomohun School, kuitcha dzina la bambo ake, ndipo mu 1889 anawonjezera Brojomohun College, yomwe anthu amangoti BM College. Ophunzira ake ankawatuma kukasamalira odwala kolera m'makwalala a tauni. Anali membala wa Indian National Congress, koma mu 1897 anauza anzake poyera kuti misonkhano yawo ya pachaka inali chisangalalo chabe cha masiku atatu ngati safika kwa anthu akumudzi.

Mwayi wosonyeza zomwe ankatanthauza unabwera mu 1905, pamene Lord Curzon, bwanamkubwa wa India, anadula Bengal pawiri. Anthu otsutsa anayamba kunyanyala katundu wa ku Britain, makamaka nsalu za ku Manchester ndi mchere wa ku Liverpool. Dutta anakhazikitsa gulu la Swadesh Bandhab Samiti, lomwe linali ndi nthambi zoposa 150 m'midzi ya m'bomali. Gululi linkaweruza milandu kumudzi kuti anthu asapite kukhoti la atsamunda, ndipo pa njala ya 1906 linagawa chakudya. Atsamunda anatumiza asilikali a Gurkha ku Barisal. Mu Epulo 1906 atsogoleri a ndale a m'Bengal monse atasonkhana m'tauniyi, apolisi anamenya anthu oguba chifukwa chofuula mawu oletsedwa akuti Bande Mataram, olemekeza dziko lawo ngati mayi, ndipo mmodzi wa atsogoleriwo, Surendranath Banerjea, anagwidwa n'kulipitsidwa chindapusa. Woimba Mukunda Das, yemwe ankazungulira midzi ndi masewero odzudzula atsamunda, anamangidwa. Dutta mwiniwake anatengedwa mu 1908 n'kukatsekeredwa ku Lucknow popanda mlandu, mpaka 1910. Mu 1911 Angerezi anabweza ganizo lodula Bengal.

Mabuku a mbiri ku India amaikonda nkhani imeneyi, ndipo ndi yoyeneradi kuikonda. Koma ili ndi mbali ina. Nsalu yakunja inali yotsika mtengo kuposa yoluka kumudzi, ndipo kwa mlimi wosauka kunyanyala kunali kulipira zambiri. Kumalo ena eni minda ndiwo ankakakamiza alimi awo kunyanyala. Mlimi wachisilamu kapena wa Namasudra akamva munthu yemwe amamutolera lendi akumuuza za ufulu wa dziko, sizodabwitsa kuti ankayamba wakanda m'mutu. Mng'alu umene unaonekera pamenepo sunatsekekenso.

Munthu amene anawerenga bwino mtima wa alimiwo ndi Abul Kasem Fazlul Huq. Anabadwa mu 1873 kwawo kwa mayi ake ku Saturia, ndipo mudzi wa bambo ake unali Chakhar. Anali loya, mwana wa loya, wamkulu thupi, wa mawu amphamvu, ndipo anthu anamupatsa dzina lakuti Sher-e-Bangla, nyalugwe wa Bengal. Pa chisankho cha 1937 chipani chake cha Krishak Praja, kutanthauza alimi ndi obwereka minda, chinalonjeza chinthu chomveka kwa aliyense: dal-bhat, mpunga ndi ndiwo za mphodza, monga momwe wandale wakwathu anganenere nsima ndi ndiwo. Anakapikisana ndi Khwaja Nazimuddin, wa banja lolemera la anawab, akuluakulu achisilamu eni minda, a ku Dhaka, m'dera la Patuakhali, ndipo anamugonjetsa. Chaka chomwecho anakhala nduna yaikulu yoyamba ya Bengal.

Pa ulamuliro wake makomiti zikwizikwi othetsa nkhani za ngongole anafalikira m'midzi. Mlimi ndi wakatapira ankakhala pansi pamaso pa komiti, ngongole n'kudulidwa kufika pomwe munthu angathe kulipira. Mu 1940 panabwera lamulo loika malire pa chiwongoladzanja. Komishoni yomwe boma lake linakhazikitsa mu 1938, motsogozedwa ndi Francis Floud, inalangiza kuti dongosolo la zamindar lithe, ngakhale kuti lamulo lothetsa linadza mochedwa, mu 1950.

Huq ndi wovuta kumuika m'thumba limodzi. Pa 23 Malichi 1940 ndiye anaimirira ku Lahore n'kupereka mfundo yomwe pambuyo pake inatchedwa maziko a Pakistan. Chaka chotsatira anakangana ndi Muhammad Ali Jinnah, mtsogoleri wa chipani cha Muslim League, anachotsedwa m'chipanicho, n'kupanga boma limodzi ndi Syama Prasad Mookerjee, mtsogoleri wa chipani cha Ahindu. Adani ake ankati ndi bilimankhwe. Ine ndimaona ngati ankasintha mabwenzi kaamba koti chomwe ankasamala chinali Bengal ndi alimi ake, osati chipani. Koma sindingakane kuti mpando nawonso ankaukonda. Mu 1954 anatsogolera mgwirizano womwe unagwetsa Muslim League ku East Bengal, mbali ya Bengal yomwe inagwera ku Pakistan, ndipo boma la Pakistan, lomwe likulu lake linali ku Karachi, linamuchotsa pasanathe miyezi iwiri. Anamwalira ku Dhaka mu 1962.

Wachiwiri ndi Jogendra Nath Mandal, wobadwa mu 1904 m'banja la Namasudra, yemwe anaphunzira pa BM College. Iye anaganiza motere: mlimi wa Namasudra ndi mlimi wachisilamu amalima munda umodzi, ali ndi ngongole kwa munthu mmodzi, bwanji asagwirizane? Mu 1946 ndiye anathandiza B. R. Ambedkar, mtsogoleri wa mafuko onyozeka ku India, kupeza mpando m'nyumba yolemba malamulo a dziko kudzera ku Bengal, pamene kwawo ku Bombay njira inali itatsekeka. Dziko litagawika mu 1947 kukhala India ndi Pakistan, Mandal anasankha Pakistan. Anatsogolera mkumano woyamba wa nyumba yolemba malamulo ku Karachi pa 10 Ogasiti, ndipo anakhala nduna yoyamba ya zamalamulo. Taonani zodabwitsa: India ndi Pakistan, maiko onse awiri, nduna zawo zoyamba za malamulo, Ambedkar ndi Mandal, zinali zochokera m'mafuko omwe anthu ankakana ngakhale kuwakhudza.

Chiyembekezo chake chinafera kwawo komweko. Mu Febuluwale 1950 zipolowe zinabuka ku East Bengal, ndipo m'boma la Barisal, makamaka ku Muladi, Ahindu ambiri anaphedwa. Mandal anayendera maderawo, anaona ndi maso ake, ndipo mu Okutobala analembera nduna yaikulu Liaquat Ali Khan kalata yaitali yotula pansi udindo, ali kale ku Calcutta. Ku India sanamulandire ndi manja awiri, poti ambiri ankamuona ngati munthu amene anauza anthu ake kuti atsale kutsidya. Anayesa kangapo kupikisana pa chisankho koma osapambana, ndipo anamwalira mu 1968.

Mlakatuli amene sanafuule

Pa onse, amene dzina lake lamatirira kwambiri ku Barishal ndi munthu yemwe sanatsogolere gulu lililonse. Jibanananda Das anabadwa m'tauniyi pa 17 Febuluwale 1899. Bambo ake, Satyananda, anali mphunzitsi pa sukulu ya Dutta ija, ndipo mayi ake, Kusumkumari Das, anali mlakatuli yemwe ndakatulo yake ina ana a sukulu ku Bengal amailoweza mpaka pano. Jibanananda anaphunzira Chingerezi ku Calcutta, anaphunzitsa pa City College mpaka ntchito inamuthera mu 1928, anavutika zaka zingapo akusaka ntchito, ndipo mu 1935 anabwerera kwawo kukaphunzitsa pa BM College.

Nthawi imeneyo mlakatuli aliyense wa Chibengali ankalemba pansi pa mthunzi wa Rabindranath Tagore. Jibanananda anapatuka. Ndakatulo zake n'zodekha, zodzaza nkhungu, akadzidzi, akabawi, udzu wonyowa ndi mame, minda yomwe mpunga wakololedwa kale. Sankangoimba za mitsinje ikuluikulu yokha yomwe aliyense amaidziwa. Ankatchulanso timitsinje ta kwawo monga Dhansiri, kamtsinje ka ku Jhalokati komwe wina aliyense akanangokadutsa. Ena mwa oweruza zolemba a nthawi yake ankamuseka kuti mawu ake ndi achimidzi ndiponso osamveka. Iye sankakonda kuyankha. Ankalemba m'makope n'kutsekera m'mabokosi.

Mu 1946 anapita ku Calcutta, ndipo dziko litagawika sanabwererenso kukakhala kwawo. Zaka zake zomaliza zinali za umphawi ndi kusowa ntchito yokhazikika. Pa 14 Okutobala 1954 anagundidwa ndi tram, sitima yamagetsi yoyenda m'misewu ya mumzinda, ndipo anamwalira pa 22 mwezi womwewo. Anthu akukanganabe ngati inali ngozi kapena anachita dala. Atamwalira, achibale anatsegula mabokosi aja. Munali ndakatulo zambirimbiri, nkhani zazifupi, ngakhale mabuku athunthu a nthano zazitali zomwe palibe ankadziwa kuti analemba. Ndakatulo zomwe analemba cha m'ma 1934 zonena za midzi ya Bengal zinasindikizidwa mu 1957 pa mutu wakuti Rupasi Bangla. Pa nkhondo ya 1971 achinyamata omenyera ufulu wa Bangladesh ankazilakatula. Munthu yemwe malire anamutsekera kunja anakhala mawu a dziko lomwe sanalione likubadwa.

Amayi awiri ayenera kutchulidwa pano. Kamini Roy, wobadwa mu 1864 ku Basanda, anamaliza digiri pa Bethune College mu 1886, mkazi woyamba m'India wa atsamunda kupeza digiri yaulemu, ndipo pambuyo pake analimbikira kuti akazi a ku Bengal aziponya voti. Sufia Kamal anabadwa mu 1911 m'banja la anawab a ku Shayestabad, nyumba yomwe ankalankhula Chiurdu ndipo mtsikana sankaloledwa kupita kusukulu. Chibengali anachiphunzira kwa mayi ake m'nyumba, ndipo anakwatiwa ali mwana. Mayi ameneyu, wopanda satifiketi iliyonse, anadzakhala mlakatuli, mkonzi woyamba wa magazini ya amayi ya Begum mu 1947, mtsogoleri wa bungwe la zachikhalidwe la Chhayanaut kuyambira 1961, pamene boma la Pakistan linkayang'ana nyimbo za Tagore ndi diso lofiira, komanso woyambitsa bungwe la amayi la Mahila Parishad mu 1970. Atamwalira mu 1999 anakhala mkazi woyamba ku Bangladesh kuikidwa m'manda mwaulemu wa boma.

Palinso nyimbo. Pa 21 Febuluwale 1952 apolisi ku Dhaka anawombera ophunzira omwe ankafuna kuti Chibengali chikhale chinenero cha boma pamodzi ndi Chiurdu. Tsikuli ndi lomwe UNESCO inalisankha mu 1999 kukhala tsiku lokumbukira zinenero za makolo padziko lonse. Nyimbo yomwe amaimba m'bandakucha wa tsikuli chaka chilichonse, akuyenda opanda nsapato kukaika maluwa, inalembedwa ndi Abdul Gaffar Chowdhury wa ku Ulania, yemwe panthawiyo anali wophunzira. Woyamba kuiika m'maimbidwe anali Abdul Latif, ndipo maimbidwe omwe anakhazikika ndi a Altaf Mahmud wa ku Muladi. Onse atatu ndi ana a boma la Barishal. Mahmud anatengedwa pakhomo pake ndi asilikali a Pakistan pa 30 Ogasiti 1971 ndipo sanaonekenso. Chowdhury anakhala zaka zambiri ku London, komwe anamwalira mu 2022.

Amene anatsala

Mwina mwaona kale kuti pafupifupi onsewa anafera kutali: Calcutta, Dhaka, London. Boma lomwe linkatumiza mpunga kumizinda linkatumizanso ana ake anzeru. N'chifukwa chake ndimakonda nkhani ya Aroj Ali Matubbar, yemwe sanapite kulikonse.

Anabadwa mu 1900 m'mudzi wa Lamchari, makilomita ochepa kuchokera m'tauni. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo malo a banjalo analandidwa chifukwa cholephera kulipira msonkho. Sukulu anangoilawa. Anakula akulima, kenako anadziphunzitsa ntchito yoyeza malo, ntchito yosasowa makasitomala m'dziko lomwe malire a minda amasuntha chaka ndi chaka. Mayi ake atamwalira, anaitana wojambula kuti ajambule mtembo, asunge nkhope yawo. Atsogoleri a chipembedzo m'mudzimo anati kujambula ndi tchimo, ndipo anakana kupempherera malirowo. Mayi yemwe moyo wake wonse sanaphonye swala anaikidwa ndi anthu ochepa chabe, chifukwa cha chinthu chomwe anachita ndi mwana wake.

Aroj Ali sanatukwane munthu. Anayamba kufunsa mafunso. Ankayenda wapansi kupita kutauni kukabwereka mabuku ku laibulale ndi kwa aphunzitsi a pa BM College, n'kumawerenga za sayansi, mbiri ndi zipembedzo. Mafunso akewo anawalemba mwadongosolo: za mzimu, za Mulungu, za moyo wa pambuyo pa imfa, za chilengedwe. Anamangidwapo chifukwa cha zolembazo, ndipo buku lake loyamba, Satyer Sandhan, kutanthauza kufunafuna choonadi, linatuluka mu 1973, iye ali ndi zaka zoposa 70. Ndalama zomwe anasunga anamangira laibulale m'mudzi mwake. Atamwalira mu 1985, thupi lake linaperekedwa, monga anafunira, ku sukulu ya zaudokotala ya ku Barishal, yomwe ili ndi dzina la Sher-e-Bangla. Si onse kumeneko amamukonda. Kwa ena ndi munthu wosokoneza chikhulupiriro. Koma ophunzira a m'mayunivesite a ku Dhaka amawerengabe mlimi ameneyu.

Barishal wa lero ndi wosiyana ndi wa anthu amenewa m'njira ziwiri zooneka. Yoyamba ndi ya anamondwe. Chiyambire tsoka la 1970, dzikolo linamanga nyumba zambiri zothawirako zoima pa zipilala, zomwe masiku wamba zimakhala sukulu, ndipo linaphunzitsa anthu odzipereka omwe amazungulira midzi ndi zimkuzamawu ndi mbendera zochenjeza. Namondwe Sidr wa pa 15 Novembala 2007 anali wamphamvu kwambiri, anasakaza Barguna ndi Patuakhali, ndipo anapha anthu oposa 3,000. Ndi anthu ambiri, koma yerekezani ndi 300,000. Mavuto atsopano ndi mchere womwe ukulowa m'minda ya kufupi ndi nyanja, ndi mabanja omwe mtsinje wawadyera malo, omwe amakathera m'makomboni a ku Dhaka. Asodzi nawo ali ndi lawo: nsomba ya ilish, yomwe Abengali amaiika pamwamba pa nsomba zonse, imakwera mitsinje ino kudzaikira mazira, ndipo boma limatseka usodzi wake masiku 22 cha mu Okutobala, n'kumagawira asodzi mpunga kuti apirire.

Yachiwiri ndi ya ulendo. Kwa zaka zoposa 100, kupita ku Barishal kunali kukwera sitima yapamadzi. Kunali masitima akale opalasa ndi magudumu m'mbali, otchedwa Rocket, ena opangidwa m'zaka za m'ma 1920. Kenako kunabwera zimasitima za nsanjika zitatu kapena zinayi, zomwe eni ake amangoti launch, zonyamuka pa doko la Sadarghat ku Dhaka madzulo n'kufika m'bandakucha. Olemera ankagona m'zipinda, osauka ankayala nsalu pansi, ndipo ogulitsa tiyi ankadutsa pakati pawo usiku wonse. Ngozi zinaliponso: mu Disembala 2021 sitima ina inapsa pa mtsinje wa Sugandha pafupi ndi Jhalokati ndipo anthu osachepera 40 anafa. Pa 25 Juni 2022 mlatho wa Padma, wotalika makilomita 6.15, unatsegulidwa. Basi tsopano imachoka ku Dhaka n'kufika ku Barishal m'maola atatu kapena anayi. Okwera masitima anachepa msangamsanga, eni ake anachepetsa maulendo, ndipo masitima ena anagulitsidwa kwa odula zitsulo. Pa nthawi ya Eid, anthu akamabwerera kumudzi mwaunyinji, doko la pa Kirtankhola limadzazanso kwa masiku angapo.